Zitsime Ziwiri Zomwe Zinapita ndi Kachilombo

Lachitatu m'mawa mafailo onse a mu kompyuta anakana kutseguka. Mayi wa m'nyumbamo anakhala pa tebulo, dzanja lili patsaya. Kwa miyezi isanu ankayeza madzi a zitsime khumi ndi ziwiri, ndipo Lachisanu anayenera kukapereka zotsatira kusukulu ya zaumoyo. Kulephera apo, abwereze chaka.

Aphunzitsi anali atawauza za pulogalamu yaulere yowerengetsera zotsatira. Koma mwamuna wake, kalipentala, anaiseka. "Chaulere chimakhala ndi mbedza, mayi. Ine ndikupezerani yeniyeni." Anapita nayo kompyutayo kwa wokopera nyimbo pamsika, yemwe anaikamo pulogalamu yakuba. Kachilombo koononga mafailo kanalowera pomwepo.

"Yeniyeni ija ndi imeneyi, bambo?" anafunsa mayiyo osacheuka.

Kalipentala anangokanda m'mutu.

Masana kunabwera mkulu wake wa mayiyo, woyeza magazi kuchipatala. Atamva nkhaniyo anawomba m'manja. "Alamu, inu denga mungakhomere matabwa a chiswe chifukwa apakidwa vanishi?"

"Ndimati ndithandize, alamu."

"Mwathandizadi. Sunthani."

Mafailo anali atatheratu. Mkuluyo anafufuta zonse, n'kumukhazika mng'ono wake pampando. "Uike wekha pulogalamu yaulere ija, mawa usadzagwadire munthu. Tenga pa tsamba la pa intaneti la eni ake, osati kwina. Sankha yogwirizana ndi kompyuta yakoyi. Malangizowo werenga, usamangodina."

Mayiyo anawerenga mzere ndi mzere. Anaika pulogalamu, kenako tizigawo tojambulira ma chati.

"Usathamange. Yamba wayesa ndi manambala achitsanzo awa." Yankho linafanana ndi la m'malangizo.

"Nanga eni akewo amadyapo chiyani?" anafunsa kalipentala ali pakhomo.

"Anaipangira poyera, kuti aliyense aone m'kati mwake, aikonze, agawireko anzake. Yobisabisa ndi yanu ija."

Masiku awiri mayiyo anakopera manambala kuchokera m'kope lake. Zitsime khumi zinalimo. Ziwiri zakutali, zomwe ankapitako wapansi dzuwa likuswa mtengo, anali atazilemba mu kompyuta mokha. Zimenezo zinapita.

Anapereka khumi, ndipo anakhoza. Kalipentala anamukhomera kashelefu ka kompyuta. Mayiyo anathokoza ndi pakamwa pokha.

Pulogalamu yaulere yovomerezeka si yonyozeka. Itengeni kwa eni ake, tsatirani malangizo, iyeseni musanaidalire, ndipo ntchito yanu muziisunga pawiri. Yakuba imakuberani thukuta lanu.