Chilembo cha Patebulo la a Shen

Mwaiwathu, wantchito wa kampani yothandiza okalamba m'makomo mwawo, ankasamalira a Shen, nkhalamba ya ku China imene inkakhala kufupi ndi Lafayette Road ku Indianapolis. Kale a Shen ankaphunzitsa Chitchaina chamakedzana, koma sitiroko inawalanda Chingerezi chonse n'kuwasiyira timawu tochepa takwawo ndi dzanja limodzi logwira ntchito.

Loweruka lililonse mwana wawo Eugene ankabwera kuchokera ku South Bend. Anali munthu wosalankhulalankhula, ndipo akafika ankauza Mwaiwathu kuti akapume panja, abambo ake awasambitsa yekha. Galimoto yake ikangonyamuka, a Shen ankaviika chala mu tiyi n'kulemba chilembo chomwechomwecho patebulo, maso ali kukhomo.

Tsiku lina powavula malaya, Mwaiwathu anaona kuti mkono wawo wada m'malo angapo, ngati pofinyidwa ndi zala. A Shen atalembanso chilembo chija, Mwaiwathu anachijambula ndi foni chisanaume. Foni inamasulira kuti "mantha".

Anatumiza chithunzicho kwa mlamu wake Chawezi, amene ankaphunzira mbiri ya China pa yunivesite ku South Bend, kenako n'kumuimbira.

"Alamu, musathamange," anatero Chawezi. "Anthu amenewa mantha anawagawagawa. Pali wei, kuopa kwaulemu, ngati mmene mkamwini amaopera apongozi. Pali ju, mantha amene amakugwira m'mtima, iwe n'kukhala tcheru. Chimene alemba apachi ndi kong. M'mabuku akale kawirikawiri chimatanthauza kuopa kuti chinachake choipa chichitika."

"Chichitikira ndani? Iwowo kapena wina?"

"Pamenepo chilembo chokhachokha sichinena."

Yankholo silinamukhazike mtima pansi. Ngati munthu samenya bambo ake, amathamangitsiranji wantchito panja? Nanga zala zija n'zandani?

Loweruka litafika, Eugene anati, "Mukhoza kukapuma."

"Lero ndikhala pompano."

Eugene anamuyang'ana nthawi yaitali, koma sanakane. Anawerama kuti anyamule abambo ake pampando. Apo m'pamene Mwaiwathu anaona dzanja lake lamanzere likunjenjemera. Kuti libisike, Eugene anagwira mkono wa nkhalamba ija mwamphamvu mpaka zala zinalowa m'mnofu. A Shen sanabuule. Ankangoyang'ana dzanjalo.

Eugene atamaliza kuwasambitsa, Mwaiwathu anamutsatira kukhitchini.

"Dzanjalo linayamba liti?"

"Si nkhani yanu."

"Mkono wa abambo anu ndi nkhani yanga. Ndimaganiza kuti mumawazunza. Mwina ndinalakwitsa, mwinanso ayi, koma Lolemba ndikanena kuofesi zimene ndaona."

Eugene anakhala pansi, n'kulowetsa dzanjalo m'thumba la jekete. Ananena motsitsa mawu kuti dokotala anamupeza ndi matenda a minyewa chaka chatha, ndipo sanafune kuti abambo ake adziwe.

"Ndikuona ngati akudziwa," anatero Mwaiwathu. Anamuonetsa chithunzi chija, n'kumufotokozera zimene Chawezi ananena.

Eugene anachiyang'ana. Iye anabadwira ku Indiana, ndipo zilembo za abambo ake sanaziphunzirepo. Anabweza foniyo, n'kukalowa kuchipinda kwa nkhalamba ija. Anatseka chitseko, koma Mwaiwathu anapita kukachitsekula pang'ono, n'kukhala poti azitha kuona.

Lolemba ananenadi kuofesi. Akuluakulu a kampani analamula kuti pasakhalenso wachibale wonyamula a Shen popanda wantchito. Eugene anakwiya, anaimba foni kufunsa ngati angapatsidwe wantchito wina, koma anamuuza kuti palibe. Loweruka lotsatira anabwera ndi mkazi wake, mkaziyo ndiye akuyendetsa galimoto. Eugene sanamupatse moni Mwaiwathu. Anakokera mpando pafupi ndi bafa, n'kukhala atagwira thaulo mpaka Mwaiwathu anamaliza kusambitsa a Shen.