Zithunzi za Geti Lakumbuyo

Achimwene anga anamenyedwa Lachisanu masana, pa geti lakumbuyo la kampani imene tonse awiri timagwirako ntchito. Iwo amanyamula katundu, ine ndimayang'anira makompyuta. Wowamenyayo anali mkulu wa alonda, amene tonse timamutcha Chibonga chifukwa cha mtengo wakuda umene sausiya ngakhale popita kuchimbudzi. Ine sindinaone. Pamene ankandiitana n'kuti achimwene ali thapsa pasimenti, nsagwada itapotoka, diso lamanzere litatsekeka ndi magazi, nsapato imodzi ili uko.

Chibonga anauza apolisi kuti anawagwira akutulutsa katoni ya mabatire, ndipo achimwene ndi amene anayamba kumugenda ndi chitsulo. Achimwene anga amenewa, munthu woti akaona mphemvu amaitana alamu kuti adzaiphe! Koma alonda awiri anavomereza, onyamula katundu anzawo onse akuti ankayang'ana kumbali, ndiye achimwene anagonekedwa m'chipatala dzanja limodzi atalimangirira kubedi ndi unyolo. Wapolisi anati akangochira, ulendo wa kukhoti.

Ndinapempha manejala kuti tione zithunzi za kamera ya pagetipo. Anandimvera chisoni chodabwitsa. Anati ndapanikizika maganizo, ndipite ndikasamalire wodwala masiku khumi, ndipo khadi langa lotsegulira zitseko ndisiye patebulo pake. Ndinadziwa pomwepo kuti andidyera masuku pamutu. Makamera athu amasunga zithunzi masiku asanu ndi awiri basi. Tsiku lililonse kompyuta yaikulu imayendetsa kalamulo kosesa, kamene kamafufuta chilichonse chopitirira pamenepo. Tchuthi changa chinali chongodikira kuti tsache lidutse.

Tchuthi chitatha ndinabwerera Lachiwiri, mtima uli wakuda bii. Linali tsiku la apudeti. Kamodzi pamwezi, amene anapanga pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina athu amatumiza timalamulo tokonzedwa, tija timalemba pa sikirini yakuda: kosonyeza mafayilo, kokopera, kofufuzira, kosesa. Amatumizanso mndandanda wa zimene akonza. Lamulo la mu ofesi mwathu ndi lakuti sitiika kanthu tisanawerenge mndandandawo, mmodzi awerenge mokweza, wina amvetsere. Wowerenga nthawi zonse ndi a Ndevu, mkulu wanga pantchito, bambo wa ana asanu amene kwatsala zaka ziwiri kuti apume. Pa nkhani ya achimwene anauzidwa kuti asakhudze kanthu, ndipo sanakhudzedi. Mmawa umenewo ankalephera kundiyang'ana kumaso.

"Kosonyeza mafayilo kankasokoneza madeti chaka chikasintha," anawerenga, magalasi ali pansonga ya mphuno. "Akonza. Kowerengera mizere kankaphonya mzere womaliza. Akonza. Kofufuzira kankaima kakakumana ndi fayilo yopanda kanthu. Akonza. Kosesa mafayilo akale kankadumpha fayilo iliyonse yopitirira magigabayiti awiri, osanena chilichonse..."

Anamenya tebulo.

"Ndi chimenecho! Mwanangu, chaka chonse ndakhala ndikudabwa kuti disiki ikudzaza ndi chiyani. Kamera yatsopano ija! Mafayilo ake ndi akuluakulu, tsache limangowalambalala!"

Kamera yatsopano inali imodzi yokha pakampani ponse, ndipo inali pa geti lakumbuyo. A Ndevu sanazindikire chimene anali atangonena. Iwo ankasangalala ndi disiki yawo.

"A Ndevu, tisaike kaye apudetiyi," ndinatero.

"Bwanji? Tikangoika, zinyalala zonsezo zichoka."

"Ndikufuna ndione kaye zina ndi zina. Kamweni tiyi, tiika mukabwera."

Apa ndi pamene ndinapusa. Bambo ameneyu pakamwa pake sipagona nkhani, ndipo ndinamutumiza ndekha kumene kumakhala makutu a kampani yonse.

Atangotuluka ndinatsegula foda ya geti lakumbuyo. Zonse zinalipo, miyezi khumi ndi inayi, tsiku ndi tsiku. Ndinapeza Lachisanu lija, ndinathamangitsa mpaka masana.

Achimwene akutuluka, m'manja muli chipewa chokha. Chibonga wawaimitsa, akuwaloza pachifuwa. Achimwene akupukusa mutu, akumwetulira kumwetulira kwawo kopepesa kuja. Mtengo ukukwera. Woyamba wapeza nsagwada. Achimwene agwada, akweza manja, wachiwiri watsikira pamanjapo. Agwa chammbali. Kenako mateche, m'nthiti, m'mimba, kumaso, ndinawerenga asanu ndi anayi. Alonda awiri aja aima ngati akudikira basi. Pamapeto pake mmodzi akulowa mkati, akubwera ndi katoni ya mabatire, akuiika pafupi ndi mutu wa achimwene.

Ndinasanzira mubini ya mapepala. Nditapukuta pakamwa ndinabaya fulashi yanga, kachipangizo kosungira mafayilo, n'kuyamba kukopa. Fayilo inali yaikulu ndipo fulashiyo inali yotchipa. Nambala ya peresenti inkakwera ngati nkhalamba pamasitepe. Teni. Twente-faifi. Ndinkaipempherera mokweza. Itafika sikisite, chitseko chinatseguka.

Anayamba kulowa a Ndevu, koma osati mwa kufuna kwawo. Dzanja la Chibonga linali pakolala yawo. Anawakankhira kukhoma, anakiya chitseko, kiyi n'kumusiya pomwepo.

"Ndamva kuti mwapeza zinyalala," anatero. "Ndabwera kudzathandiza kusesa."

M'chipinda chathu muli kamera imodzi, pamwamba pa chitseko, yoyang'ana kanjira ka pakati pa makabati a maseva, makompyuta aakulu osunga zonse. Tebulo langa lili pakona, kumene siona. Chibonga amadziwa maso a kamera iliyonse pakampani kuposa mmene amadziwira ana ake, ndiye anayenda chotsamira khoma mpaka anafika kumbuyo kwa mpando wanga. Anazula fulashi, anaiponya pansi, anaipera ndi chidendene cha jombo.

"Ika apudeti yakoyo."

"Sindiika."

Mbama inandipeza khutu lamanja. Dziko linalira ngati wailesi yosowa siteshoni. Ndisanadzuke anandigwira tsitsi n'kundiwombetsa chipumi patebulo, kiyibodi inadumpha.

"Bwana, chonde, ndiika ndine," a Ndevu anatero. "Musiyeni mwanayu."

"Khalani chete, madala. Si inu munati makinawa amalemba dzina la amene walamula? Ndikufuna dzina la uyu. Mawa akamakalira kupolisi, tidzati umboni anafufuta yekha."

Anatenga dzanja langa lamanzere, analiyala patebulo ngati nsomba yofuna kupala.

"Kulemba kumafuna manja angati?"

Mtengo unatsika. Ndinamva zala ziwiri zikuthyoka ndisanamve ululu, kenako ululuwo unakwera mkono wonse mpaka m'mano. Ndinakuwa, koma chipinda cha maseva chili ndi makoma ochindikala ndipo mafani amalira usana wonse. Anakokera dzanja lamanja pamalo omwewo.

Ndikanakonda kunena kuti ndinalimba. Sindinalimbe. Ndinayang'ana zala zopindikira kumene zala sizipindikira, ndipo ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire.

"Ndiika," ndinatero.

Ndinalemba ndi dzanja limodzi, magazi a pachipumi akudonthera pamabatani. Mizere inayamba kuthamanga pa sikirini, kalamulo kalikonse kakulowa m'malo mwa kakale. Sizinatenge mphindi ziwiri.

"Tsopano sesa."

Ndinalemba lamulo losesa. Anthu amene anakonza kalamulo kameneka, kulikonse kumene ali, ntchito yawo amaidziwa. Sikanadumphe fayilo ndi imodzi yomwe. Mayina ankadutsa, mwezi ndi mwezi, ndipo Lachisanu la achimwene linadutsa pakati pa anzake mwakuti sindinalione n'komwe.

"Madala, bwerani muone. Zatha?"

A Ndevu anasuzumira, magalasi ali ndi nthunzi. "Zatha, bwana."

"Sizingabwerenso?"

"Kamalemba zina pamwamba pake. Sizingabwere."

Chibonga anapukutira mtengo wake pa juzi yanga imene inali pampando. "Unene kuti unagwa pamasitepe," anatero. "Banja lanu ndi la anthu ogwaigwa." Anayamba kubwerera mmene anabwerera, chotsamira khoma.

Ndinakhala pampando paja ndikumva fungo la masanzi anga. Achimwene anali ngati apita kale kundende, ndipo wowatsekera ndinali ine, ndi dzina langa. Zala zangazi ndikanakaonetsa kwa ndani? Mboni yanga inali a Ndevu, ndipo ndinali nditaona kale kulemera kwa umboni wawo. Kenako ndinakweza maso n'kuona kagetsi kofiira pamwamba pa chitseko. Tsache lokonzedwalo limasesa zakale zokha. Za lero silikhudza.

Musandiyese wolimba mtima. Ndinali wokwiya basi, mkwiyo woti ukanakhala madzi ukanaphika dzira. Ndinaimirira, ndinayenda mogwira makabati mpaka pakati pa kanjira kaja, ndinatembenukira kuchitseko kuti kuwala kundimenye kumaso.

"Iwe," ndinatero.

Dzanja lake linali pa kiyi. Palibe pakampani amene anamutchulapo iwe.

"Ndakuonera. Mateche naini kwa munthu wogona pansi. Ndi alonda awiri okulondera, kuopa angadzuke. Ukamavula yunifolomu kunyumba, akazi ako amapeza chiyani mkatimo?"

"Mwanangu, khala chete!" a Ndevu anakuwa.

"Amati pageti lakutsogolo anakuchotsapo chifukwa unathawa galu wa kasitomala. Mtengo unautaya, anakutolera ndi mayi wosesa. Nkhani imeneyo aliyense amaidziwa. Ukamadutsa timaseka."

Nkhani ya galuyo ndi yoona, n'chifukwa chake inagwira. Khosi lake linafufuma. Anasiya kiyi. Masitepe atatu okha, ndipo anali pakati pa kanjira.

Mtengo woyamba ndinautchinga ndi mkono, mkono unachita dzanzi. Wachiwiri unandipeza m'nthiti, mpweya wonse unatuluka. Ndinagwira chitseko cha kabati kuti ndisagwe msanga, chifukwa ndinkafuna atembenuke. Ndinazungulira pang'ono, iye anazungulira nane, nkhope yake inaloza kumene ndinkafuna. Nkhonya inanditsegula mlomo, dzino linagwera pa lilime. Ndinamulavulira nalo pa malaya. Apo ndiye anapenga. Ananditchera mwendo, ndinagwa chagada, mutu unagunda chitsulo. Jombo inabwera m'mimba, inabwera paphewa, inabwera kumaso. Ndinayesa kuwerenga monga ndinawerengera a achimwene koma ndinasokonezeka pa faifi.

Chimene ndinamva kenako ndi kiyi akutembenuka. A Ndevu, a Ndevu omwewa, anali atatsegula chitseko n'kuima pakhonde, akukuwa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo.

"Akupha munthu kuno! Thandizani! Akupha mwana!"

Mapazi anamveka pamasitepe. Chibonga anaima, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Anayang'ana ine, anayang'ana pamene waima, kenako pang'onopang'ono anakweza mutu. Sindidzaiwala nkhope imeneyo. Analumpha n'kuphwanya kamera ndi mtengo, magalasi anandigwera pamiyendo. Koma kuphwanya kamera n'chimodzimodzi kutseka khola mbuzi zitatuluka, zimene yaona zimakhala zili kale mu disiki.

Pakhomo panadzaza anthu: mayi wa kulandirira alendo, madalaivala awiri, onyamula katundu angapo, aja amakonda kuyang'ana kumbali. Ulendo uno kumbali kunalibe, kanjirako n'kopapatiza.

"Wandiyamba yekha," Chibonga anatero. "Wanditukwana."

Dalaivala wina anangotambasula dzanja n'kugwira mtengo uja, ndipo Chibonga anausiya. Anatuluka pakati pawo, anthu anamutsatira awiri.

Otsalawo anafuna kundinyamula. Ndinakana. Kulankhula kunali kovuta, mlomo unali utatupa ndipo nthiti zinkabaya ndikamakoka mpweya.

"A Ndevu. Fayilo ya lero. Ya muno."

"Mwanangu, upite kuchipatala kaye."

"Manejala akamva, andipatsanso tchuthi. Kopani pompano. Mafulashi awiri. Imodzi mupatse alamu anga."

Mayi wa kulandirira alendo anavula fulashi pa makiyi ake, dalaivala anathamangira ina m'galimoto. A Ndevu anakhala pampando wanga, anapukuta magazi pamabatani ndi mkono wa malaya awo, anayamba kulemba. Analakwitsa kawiri. Sindinkadziwa ngati zimenezi zingamasule achimwene. Zithunzi za katoni ya mabatire ija zinali zitapita ndi tsache, sizidzaonekanso. Koma wapolisi aliyense woona fayilo ya lero adzafunsa chimene mkulu wa alonda ankafuna m'chipinda cha maseva, atakiya chitseko, patangopita masiku khumi ndi limodzi.

Ndinali chigonere pansi, sikirini sindinkaiona.

"Tsegulani muone kaye," ndinatero. "Mwina sinajambule."

Anatsegula. Mayi uja anagwira pakamwa n'kutembenukira kukhoma.

"Yajambula," a Ndevu anatero.

"Nkhope yake ikuoneka?"

"Ikuoneka bwinobwino."

"Nanga yanga? Apolisi adziwe kuti ndine mlongo wawo wa achimwene."

A Ndevu anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Ikuoneka, mwanangu," anatero. "Koma poyambirira pokha."