Mapiritsi ndi Mawu a Domnica

Kabokosi ka mapiritsi atsopano kanakhala masiku asanu ndi anayi pawindo la Domnica, kosatsegula. Ndinkakaona m'mawa uliwonse ndikamabwera ndi mkaka, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapsa mtima.

Domnica ndi mng'ono wanga. Ine ndine Tudora, ndipo anthu a m'mudzi muno amati ndili ndi pakamwa. Azinena. Mng'ono wangayu wakhala akugwa khunyu kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Mapiritsi akale anamusunga zaka zambiri, koma chaka chatha anangotha mphamvu. Mu Okutobala anagwera pa chitofu chili ndi moto, mkono wamanzere n'kupsa mpaka m'chigongono. Apo ndi pamene ndinamukweza basi kupita naye kuchipatala cha mumzinda wa Craiova.

Dokotala wake anali mtsikana wa magalasi, wolankhula mofatsa. Sindingamunenere choipa. Anati mankhwala atsopanowa tiyamba ndi kapiritsi kamodzi madzulo, tiziwonjezera sabata iliyonse, akale aja tizichepetsa pang'onopang'ono. Kenako anatiuza zimene amabweretsa, osabisa kanthu: zala kuchita dzanzi, tulo, kuonda.

"Ena mawu amawathawa," anatero dokotala. "Chinthu akuchidziwa bwinobwino, koma dzina lake osabwera. Si onse ayi, ndipo kwa ambiri zimachepa pakapita nthawi."

Ine ndinamva za kuondazo n'kuseka, poti Domnica ndi wa thupi. Iye anamva za mawu.

Kulira maliro aliyense amalira, ngakhale ine ndi mawu anga ngati a khwangwalawa. Koma Domnica amalira ndi nyimbo, ndipo midzi itatu imamuitana. Amaima kumutu kwa bokosi, n'kumuimbira womwalirayo moyo wake wonse, minda yake, ndewu zake, ng'ombe imene anagulitsa motchipa, mpaka anthu kuseka misozi ili m'maso. Kenako amamusenzetsa mauthenga opita kwa amene anatsogola, poti womwalira ndiye mthenga wathu. Mawuwo sawakonzeratu. Amangobwera pomwepo, ataika manja pa bokosi.

Ndipo pomaliza, pamaliro alionse, ankawonjezera uthenga wakewake. Mwana wake mmodzi yekha, Ilinca, anamwalira ali ndi zaka zinayi. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, aliyense wochoka m'midzi itatuyi ankanyamula mawu a kwa Ilinca: kuti mtengo wa maplamu wabereka, kuti mnzake uja wakwatiwa, kuti amayi ake akumusungirabe nsapato zofiira zija.

Tsopano wopita anali bambo wake wa mwanayo. Alamu anga a Petrache anali chigonere kuchipinda, mapapo atatha ndi khansa, achipatala atawabweza kuti akadikire kunyumba. Domnica anali atatuma alendo zaka zonsezi, ndipo ulendo uno mthenga anali wa m'nyumba. Uthenga umenewo ndi umene ankaopa kuti mapiritsi amulanda.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinaika mkaka patebulo n'kunyamula kabokosi kaja.

"Iwe Domnica, awa ndi maluwa oti azikongoletsa windo?"

"Ndiyamba akapita, achemwali."

"Akapita liti? Alamu ndi amakani, ukuwadziwa. Angathe kufika Pasaka kungofuna kutitopetsa."

"Ndakumvanitu, alamu," anatero a Petrache kuchipinda kuja, n'kutsokomola. "Ndikadali ndi makutu."

"Ndimafuna mumve," ndinawayankha. "Muuzeni mkazi wanuyu amwe mankhwala."

Domnica anandilanda kabokosiko n'kukabwezera pawindo. Anati dokotala wanena yekha za mawu, ndipo iye alibe munda wina koma pakamwa pakepo. Anati zala zichite dzanzi, thupi lithe, alibe nazo ntchito, koma sangaime pa bokosi la mwamuna wake ngati chitsa.

Mawa lake masana anagwa pabwalo akuwaza chimanga cha nkhuku. Ndaona mng'ono wanga akugwa kosawerengeka, koma kugwa kumeneku kunali kwina. Ndinamugoneka chammbali, ndinaika shawelo yanga pansi pa mutu wake, n'kuyang'ana wotchi monga anatiphunzitsira. Mphindi zitatu. Zisanu. Milomo inada. Nkhuku zinkangojompha chimanga pambali pa nkhope yake. Ndinaimbira foni namwino wa m'mudzi, ndipo pamene ankafika n'kuti kugwedezeka kutangosiya kumene, patatha mphindi zisanu ndi ziwiri. Namwinoyo sanazungulire. Anati kugwa kotalika chonchi tsiku lina sikudzasiya.

Madzulo ake ndinatsegula kabokosiko ndi mano. Ndinaika kapiritsi koyera m'dzanja la Domnica, kapu ya madzi kudzanja linalo.

"Udzawalira bwanji alamu uli m'bokosi lako pambali pawo?" ndinamufunsa.

Anandiyang'ana, kenako anameza.

Sabata yoyamba sikunachitike kanthu, kupatula tulo. Lachinayi lake ndinali kukhitchini ndikusenda mbatata, Domnica akusita malaya a mwamuna wake, ngakhale kuti munthuyo sankavalanso malaya. A Petrache anatiitana tonse awiri. Tinawapeza atadzikweza pamapilo, nkhope itangotsala mphuno ndi maso.

"Akazi anga," anatero, "ndilireni pano."

"Mwati chiyani?" anafunsa Domnica.

"Ndilireni lero, mawu akadalipo. Mundiuze zonse zokamuuza Ilinca, ndimve ndi makutu angawa, ndizisunge. Ndinakukwatirani nditakumvani mukulira agogo anga. Ndiye pa maliro anga okha ndikhale wosamva?"

Ine ndi amene ndinayamba kukuwa, ndipo izi sindidzazikana. Munthu wamoyo saliridwa. Kuno ngakhale mwana akangoyerekeza nyimbo ya maliro posewera, amamuomba pakamwa. Ndinawauza alamu kuti matenda awalowa m'mutu, kuti akufuna kutiitanira tsoka m'nyumba, kuti anthu akamva pamsewu adzati Domnica akuthamangitsa mwamuna wake.

"Imfa yake iti yoti muiitane, alamu?" anatero akuseka movutika. "Inafika kalekale. Yakhala pampando mwatsamirawo."

Ndinachotsa dzanja pampandopo, n'kudziteteza ndi chizindikiro cha mtanda. Domnica anangoima ndi malaya m'manja. Ndinaona milomo yake ikugwedera ngati akufuna kuyamba, ndipo ndinamugwira pamkono wabwinowo.

"Usayerekeze," ndinamuuza.

Anatuluka n'kupita ku khola la nkhuku. A Petrache anatembenukira kukhoma, ndipo sanapemphenso.

Sabata yachiwiri mapiritsi anakhala awiri. Zala zinayamba dzanzi, ankagwetsa singano. Anati zakumwa za gasi za m'botolo zikumveka ngati dzimbiri. Izi tinkaseka. Sabata yachitatu tili patebulo anatambasula dzanja.

"Achemwali, tandipatsireni ujeni."

"Ujeni chiyani?"

"Ujeni, chija. Chomwera supu."

Ndinamupatsa supuni, n'kunena kuti nanenso ndimaiwala, ndi ukalamba. Iye anaiyang'ana supuniyo ngati waiona koyamba. Ndinachita mantha, koma ndinapitiriza kudya.

Sabata yachinayi kunagwa maliro a nkhalamba ina, a Nechifor, kumudzi wa kutsidya kwa mlatho, ndipo anabwera kudzamutenga monga mwa masiku onse. Ndinapita naye. Liwu linatuluka bwinobwino, lamphamvu ngati kale. Koma anaimba mavesi akale okhaokha, amene mkazi aliyense amawadziwa. Za a Nechifor eniake, za njuchi zawo ndi mwendo wawo wotsimphina, sanatchule kanthu. Kwa Ilinca anangotuma moni. Akazi ankanong'onezana kuti mtima wake uli kunyumba kwa wodwala, ndipo ine ndinawasiya aganize choncho.

Pobwerera anaima pamlatho n'kugwira chitsulo.

"Ndikumaziona zonse," anatero pang'onopang'ono. "Njuchi ndinaziona. Koma ndikati ndizitchule, ndikupeza khomo lotseka. Ndisiye kumwa, achemwali. Masabata awiri okha."

Ndinaimbira dokotala tsiku lomwelo. Anamvetsera zonse moleza mtima. Anati tisawonjezerenso, tikhale pamene tafikapo, tikaonane chaka chikangoyamba. Koma anachenjeza kuti kusiya mwadzidzidzi, akale aja atachepetsedwa kale, ndi kuitana kugwa koposa kwa pabwalo kuja. Ndinamuuza Domnica mawu omwewo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkamumwetsa ndekha, m'mawa ndi madzulo, n'kumuuza atukule lilime ndione. Mkazi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, kumuyang'ana m'kamwa ngati mbuzi ya pamsika. Ankandida, ndipo ine ndinkadzida, koma sanagwenso.

Alamu anga anachitadi makani. Akanapita sabata yachiwiri ija, bwenzi nkhani ino palibe. Anakhala masabata asanu ndi awiri. Sabata yomalizayo sankazindikiranso munthu. Anapuma komaliza m'mawa wa Lachiwiri, mu Disembala, chipale chofewa chikugwa.

Tinachita zonse mwa dongosolo lake. Tinaphimba magalasi oonera, tinaphika tirigu wa maliro ndi uchi ndi mtedza, tinamanga matawulo pa makandulo ogawira anthu. Akazi ankalira m'nyumba masiku awiri, Domnica ali chete pambali pa bokosi. Anthu ankati akusunga mawu a kumanda. Nanenso ndinayamba kukhulupirira choncho. Ndinkati mwina chisoni chitsegula khomo lija.

Kumanda kunabwera anthu a midzi yonse itatu. Sikuti a Petrache anali otchuka chotero ayi. Anabwera kudzamva Domnica akulira mwamuna wake. Wansembe atamaliza mapemphero, amuna anayi anaima ndi chivundikiro cha bokosi, ndipo akazi anabwerera m'mbuyo kumupatsa malo. Domnica anaika manja ake awiri m'mphepete mwa bokosi, lina lija la zipsera.

Liwu linakwera.

"Petrache, amuna anga, mwanyamuka," anaimba. "Mwanyamuka, mwandisiya ndi..."

Anaima. Anayambiranso nyimbo yopanda mawu, kuizunguliza, kudikira. Ndinaona kuti wadumpha zonse, moyo wawo wonse wa zaka makumi atatu, kuthamangira chimodzi chokha chija.

"Mukakafika, mukamufune mwana wathu, mukamufune..."

Dzina silinabwere. Ndinaona maso ake akulifunafuna pankhope ya mwamuna wake, pa chipale, pa ine. Dzina limene walitchula pa manda oposa zana. Ndinasendera pafupi n'kumunong'oneza.

"Ilinca."

"Ilinca," anabwereza, koma mongolankhula, nyimbo itaduka. "Mukamuuze kuti... mukamuuze kuti ujeni..."

Kunali zii. Kunkazizira koopsa, ndipo amuna a chivundikiro aja ankasinthasintha miyendo. Wansembe anatsokomola. Kenako mayi wina, a Veturia, pofuna kumuchotsa manyazi, anayambitsa vesi lakale, akazi onse n'kulandira. Anatseka bokosi Domnica akadali pakamwa pululu. Ndinachita kumumasula zala pabokosipo ndekha.

Mu Januwale tinapita ku Craiova. Dokotala anachepetsako mlingo pang'ono, ndipo anasangalala kumva kuti mng'ono wanga sanagwe miyezi itatu. Asasangalale bwanji? Ntchito yake anaigwira. Mawu ena abwerera, okwanira kugulira buledi ndi kukangana ndi ine. Koma kwagwa maliro awiri chichokereni alamu, ndipo palibe amene anabwera kudzagogoda pachipata.

Atakwana masiku makumi anayi tinkapinda zovala za a Petrache zoti tigawire osauka. Domnica anatulutsa malaya oyera aja ankasita tsiku lija, n'kukhala nawo pabedi.

"Lachinayi lija ndinali nayo yonse," anatero. Masiku ano amalankhula modukizadukiza, ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala. "Inabwera yokha ndikusita. Kuyambira tsiku anandiona mpaka nsapato zofiira. Yonse, achemwali. Sindinakhalepo ndi ina yotero."

"Ukuikumbukira?"

"Ndikukumbukira kuti inalipo."

Ndinamuuza kuti tipite kumanda Lamlungu akayese, tili awiri, popanda anthu. Anapukusa mutu. Anati masiku makumi anayi akwana, munthuyo wafika kale, sangamvenso. Ndinati ndiye kudzafa wina, adzamutuma, mawu akadzabwerera bwino. Ndinkangolankhula kuti m'chipindamo musakhale chete.

"Alendo ndawatuma zaka zonsezi," anatero. "Uyu anali bambo wake. Mwana wamuthamangira, wamukumbatira, kenako wafunsa kuti amayi ati chiyani."

Anasalaza kolala ya malaya ndi zala zake za dzanzizo.

"Ndiye a Petrache ayankha kuti chiyani, achemwali?"

Ine wa pakamwa ndinkafuna ndimuuze kuti wolakwa ndi ine, kuti ndikanasiya mkono wake tsiku lija. Koma ndinayang'ana wotchi, ndipo inali itakwana sikisi. Ndinapita pawindo, ndinatenga kapiritsi ndi kapu ya madzi. Anameza, kenako anatukula lilime yekha ndisanamuuze.