Mpweya Wanga Unabwerera ku Chinamwali

M'mawa wa mu Juni, nkhungu imatsika m'phiri la Zomba n'kudzakhala pa malata a ku Chinamwali, mbee, fumbi la mumsewu likali m'tulo. Nthawi imeneyo ndi imene a Kamtukule, amene anapuma ntchito ku bandi ya apolisi, ankatsegula kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi kuti andiphunzitse kuliza kilalineti, chitoliro chachizungu chokhala ndi mabatani.

Ndinali mtsikana waphuma. Ndinkafuna nyimbo, ndinkafuna zala zivine pa mabatani, ndinkafuna odutsa acheuke. Iwo ankandipatsa liwu limodzi lokha. Ndiliyambe pansipansi ngati mvula ikali kutali, ndilikuze, ndiligwire osagwedera, kenako ndilitsitse mpaka lizimirire, zii. Likanjenjemera ankapukusa mutu, ine n'kuyambiranso. Ndikanyinyirika ankati nyimbo ndi mlendo, imabwera n'kupita, koma mpweya ndiye mwini nyumba.

Zaka zinapita. Ndinakwatiwa, ndinabereka, ndinaimba m'maukwati ndi m'maliro. Kenako chifuwa chachikulu chinandigwetsa. Mankhwala ndinamaliza, adokotala anati matenda atha, koma mpweya sunabwerere. Kamtunda ka kumsika ndinkakwera moimaima, m'maso muli bii. Kilalineti inagona kunsi kwa bedi, fumbi lili mbuu pabokosi. Mwana wanga Takondwa, amene ukwati wake unkayandikira, anasiya kundikumbutsa kuti ndinamulonjeza kudzamuimbira polowa m'tchalitchi. Kukhala chete kwakeko kunandipweteka kuposa chifuwa.

A Kamtukule anamva. Anabwera ndi ndodo, atakalamba, maso atachita ng'ala. Sanachedwe ndi zopepesa. Anakhala pakhonde nandiuza kuti nditulutse chidacho.

"Nyimbo sindingathenso, bambo," ndinatero.

"Ndani wanena za nyimbo, mwanangu? Ndipatse liwu limodzi."

Linatuluka losweka, lalifupi, ndipo ndinatsokomola mpaka misozi. Iwo anangoti mawa abweranso.

Ankabwera m'nkhungu, ankabwera m'mphepo ya mu Ogasiti yonyamula zinyalala, ankabwera majakaranda atayala maluwa pansi. Liwu limodzi, kupuma, liwu limodzinso. Ana a oyandikana nawo ankaseka kuti kwathu kwalowa ng'ombe. Koma nthiti zanga zinayamba kutseguka pang'onopang'ono, ngati chitseko chimene chinafufuma ndi mvula. Liwulo linatalika, linanenepa, linaleka mantha. Tsiku lina ndinangozindikira ndili pamwamba pa kamtunda ka kumsika, dengu pamutu, osaima paliponse.

Ndimathokoza khonde lija. Ndimathokoza kabango kakang'ono ka kilalineti konjenjemera pamlomo panga, ndi nkhalamba imene sinandimvere chisoni.

Pa tsiku la ukwati ndinasankha nyimbo yofatsa. Takondwa analowa ali mbee, akuyenda mwamanyazi, mochedwa kuposa mmene tinayeserera. Nyimbo inafika pa liwu lomaliza iye akali pakati pa mabenchi. Ndinaligwira liwulo. Ndinaligwira, m'chifuwa muli phee, tchalitchi chonse chili zii, mpaka phazi lake linaponda kuguwa. Pamenepo anacheuka nandiyang'ana.

Potuluka ndinawapeza a Kamtukule pabenchi yakumbuyo, akupukuta m'maso ndi chipewa. Ndinagwada pambali pawo kuti ndiwathokoze.

"Linagwedera pang'ono kumapeto," anatero. "Lolemba ndibwera."