Ana Akumva

Sitiroko itawagwetsa bambo ake a Mzime, inawalanda dzanja lamanja, mwendo, ndi chiyankhulo cha m'tauni chimene anagulitsira nsapato moyo wawo wonse. Mkamwa munangotsala chiyankhulo cha kwawo, chimene eni ake anatha pang'onopang'ono, ena kumanda, ena m'matauni.

Wowadikirira m'chipatala anali Mzime, yemwe pakhomo ankamutchula choncho poti ndiye womaliza kubadwa. Akulu ake anali ndi zifukwa zomveka bwino, zonse zonenera pa foni. Iye anatseka saluni yake n'kumagona pa katoni pansi pa bedi, msana ukuwawa ngati wamenyedwa.

Mdalayo, amene kale mawu ankachita kuwaumira, tsopano ankalankhula kuyambira m'mawa osapuma, maso ali pa mwana wake, dzanja lamoyo lija litagwira diresi lake. Panali chimene ankapempha. Mzime anayesa kuwapatsa madzi, anakana. Anayesa kuwatembenuza, kuwafunditsa, kuwasisita mapazi. Ayi ndithu.

“Kodi akuti chiyani agogowa?” anafunsa namwino akusintha botolo la diripi.

“Sindikumva.”

“Si bambo anu?”

“Ndi bambo anga.”

Namwinoyo anapitirira ku bedi lina, koma Mzime manyazi anamugwira.

Kunena zoona, mlandu sunali wake. Makolo ake anapangana kalekale kuti ana asaphunzire chiyankhulocho, kuopa kuti angamasekedwe kusukulu. Eni akewo anachisungira ntchito imodzi yokha, kukangana. Zikavuta ankalowa kuchipinda, kutseka chitseko, n'kuyamba kulakatula za kwawoko. Ana ankatchera khutu panja osatolapo kanthu, kupatula mawu amene mayi awo, malemu tsopano, ankatsekera mkangano uliwonse. Amenewo ankamveka kawirikawiri moti ana onse anawaloweza, ndipo tanthauzo lake anachita kulifunsa kwa mlendo wina wa kwawoko: “Khalani chete, ana akumva.” Cholowa chonse chimene Mzime analandira pa chiyankhulocho chinali chomwecho basi.

Anaimbira azakhali ake, mlongo wa bambowo, n'kuika foni pafupi ndi pakamwa pa wodwalayo. Azakhali anamvetsera nthawi yaitali.

“Mwanawe, ndikungomva apa ndi apo,” anatero pomaliza. “Ine ndinachoka kwathu ndili kamtsikana. Achimwene akutchula za nyumba, kaya ndi chitseko. Zinazo zinandithawa. Uziwajambula mawuwo, mwina adzapezeka wina womva.”

“Winayo ndani, azakhali?”

Azakhali anayamba kufunsa ngati odwalawo akudya.

Mzime anayamba kujambula ndithu. Foni itadzaza, anafufuta zithunzi za masitayelo a tsitsi zimene ankaonetsa makasitomala, kuti mawu a bambo ake apeze malo. Ankasunga chinthu chimene sankachimva, ndipo zimenezi zinkamutopetsa kuposa kuchapa zofunda.

Tsiku lina masana, nthawi yoona odwala, m'wodi munadzaza anthu ndipo munkatentha. Mdalayo anakweza mawu, akubwereza zomwe zija, akukoka diresi mpaka msoko unayamba kuthothoka. Anthu anatembenuka. Mayi wina wodikirira pa bedi loyandikana nalo anadandaula mokweza kuti wodwala wake akulephera kugona. Mzime anali atatopa mpaka m'mafupa. Sanaganize n'komwe, mawu otsekera mkangano aja anangotuluka okha, m'chiyankhulo cha bambo ake, ndi ukali womwe uja wa mayi ake.

Mdalayo anaima pakati pa mawu. Nkhope inawala, pakuti chigwereni panalibe amene anawayankhapo m'chiyankhulo chawo. Anamuyang'anitsitsa Mzime n'kutchula dzina la malemu mkazi wawo. Kenaka anacheukira kukhomo la wodi mwamanyazi, ngati kuti kuseri kwake kwaima tiana. Anagwedeza mutu kuvomera, anasiya diresi lija, n'kutseka pakamwa.

“Bambo, lankhulani,” anatero Mzime atagwada pambali pa bedi. “Sindimatanthauza zimenezo. Ndine, mwana wanu. Nenani, ndikumvetsera.”

Koma zonsezi ankazinena m'chiyankhulo cha m'tauni, chimene bambo ake analibenso. Anafufuza m'mutu mawu oti pepani m'chiyankhulo chinacho, osawapeza. Kuseri kwa chitseko chija sanawamvepo.

Mdalayo anaika chala pamlomo, kumuchenjeza mokoma mtima kuti nayenso atsitse mawu. Foni inali pa pilo, ikujambulabe.