Zovala Zosauma

Ndinkachapira asilikali akunja amene anabwera kudzasungitsa mtendere. Msasa wawo unali pasukulu ya sekondale, ndipo nkhondo italowa m'tauni anthu anathawira komweko, nadzaza makalasi ndi bwalo la mpira. Zigawenga zinkangozungulira kunja kwa waya, osalowa, poopa mfuti za alendowo.

Mlamu wanga, mkazi wa malemu achimwene, ankagona m'kalasi yoyandikana ndi thanki ya madzi, iye ndi ana ake atatu. Ankanditcha nduna ya masokosi, poti ndinali ndi chiphaso cholowera kumaofesi.

Lachinayi m'mawa sajeni woyang'anira katundu, amene tinkamutcha Chimphuno, anabwera kochapira nati ndichotse zovala zonse pachingwe. Ndinamuuza kuti sizinaume. Anati ndilongedze momwemo. Munthu amene kwa zaka ziwiri ankandibwezera malaya chifukwa cha khwinya limodzi pakolala, lero akufuna zonyowa m'thumba? Ndinamufunsa kuti anyamuka liti.

Anayang'ana pansi nati madzulo omwewo. Akuluakulu awo, kumisonkhano yakutali, sanagwirizane: ena ankati nkhondoyi ndi ya eni dziko, ena ankati adikire kaye umboni wokwanira. Iwo analibe chilolezo chowombera pofuna kuteteza anthu wamba, tsono awaitana kwawo. Ndinamufunsa kuti umboni umakwana pa mitembo ingati. Anangoti pa lole yomaliza pali malo a antchito, koma ndikatsina khutu munthu aliyense, khamu lidzatseka geti ndipo ine ndidzatsala nalo.

Masana ndikudutsa ndi beseni, mlamu anandigwira mkono. Anali ataona chingwe chili mbee. Anati amuna ena akukambirana zothawira kumtsinje nthawi yomweyo, zigawenga zikadali kumsika kofunkha katundu, koma mwana wake wamng'ono anali ndi malungo ndipo sankafuna kumuyendetsa padzuwa pachabe.

"Alamu, inu mumalowa mkatimo. Anthuwa akhala kapena akupita?"

Ndinamuyang'ana m'maso. "Apita kuti? Sopo watha basi."

Anaseka, nati ngakhale mayiko olemera sopo amawathera. Kenako anapita kukauza anzake kuti amasule mitolo. Ndinawaona akuyalanso mphasa.

Malole anatuluka dzuwa litapendeka. Ine ndinagona chafufumimba kumbuyo kwa lole yomaliza, kuti mlamu asandione. Zigawenga zinatipatsa njira, zina zikutibayibitsa.

Mwa anthu anayi a m'banjamo, anapulumuka ndi mwana wamkulu yekha, amene anabisala m'denga masiku awiri. Ndimakhala naye mpaka lero, ndipo tsopano ndi namwali.

Chaka chatha kunabwera ofufuza, ndi makina ojambulira mawu, kudzafunsa ngati mayiko akunja anayenera kulowererapo. Ndinawayankha mosapsatira kuti anayenera, tsiku lomwe anaona anthu akuthawira kwa iwo, ndipo amene ali ndi mfuti nasiya ana pageti ndi wakupha nayenso. Zonsezo n'zoona. Mayi amene ankalemba mayankho anga anagwedeza mutu, kenako anafunsa ngati panali wa m'dziko muno amene anadziwiratu.

Ndisanatsegule pakamwa, mtsikanayo anayankha ali pakhomo, akundiloza.

"Palibe. Ngakhale azakhaliwa asilikaliwo anawanamiza. Akanadziwa, akanawauza amayi."

Mayi uja anatembenukira kwa ine, cholembera chili m'mwamba.

"Lembani zomwe wanena mwanayu," ndinatero.