Madeya a Dokotala Chimphepo

A Dokotala Alexio Chimphepo sanali dokotala wa jakisoni, ndipo anatopa nako kufotokoza. Akangofika kwawo kumapiri a Dowa, sipankalephera kubwera nkhalamba ya bondo lotupa. Iwo ankayamba kulongosola bwinobwino kuti udokotala wawo ndi wa chuma cha maphunziro, woona ngati zimene boma limathira m'sukulu zikubala zipatso. Nkhalamba inkamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako n'kufunsa ngati alibe ngakhale kaasipirini.

Ku Zomba, kumene ankaphunzitsa pa yunivesite, ndiko ankamveka. Anakhala zaka zinayi ku Mangalande akuzizidwa, n'kubwerako ndi buku lonenepa ngati njerwa, lokhala ndi mfundo imodzi yokha: mwana wobwereza Sitandade 8 amangotha benchi. Manambala awo ankaonetsa kuti pafupifupi onse osankhidwa kupita ku sekondale ndi olemba mayeso koyamba, pamene obwereza amangobwerezabe mpaka kumera ndevu. Akuluakulu a kulikulu mfundoyi anaikonda kwabasi, pajatu kuchotsa ana m'kalasi n'kosavuta kusiyana ndi kumanga sekondale zina.

Choncho m'chaka cha 1984 komiti ina inawatuma kuti ayendere sukulu za m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ayerekeze kaundula wa chaka chino ndi wa zaka zam'mbuyo, alembe dzina la wobwereza aliyense. Wolembedwayo achotsedwe pa mndandanda wa mayeso. Anawapatsa galimoto ya boma, n'kuwanong'oneza kuti ntchito ikayenda bwino mpando wa pamwamba ukuwadikira. A Dokotala anaika khadi la chipani m'thumba la malaya, pamalo oonekera, n'kuuyamba ulendo.

Koma panali kanthu kena komwe sikanalowe m'buku lonenepa lija. Munthuyu dzina lake la ubatizo linali Vinsenti. Vinsenti Chimphepo analemba mayeso pa sukulu ya Chimbalu mu 1966, anakhoza, osasankhidwa. Analembanso chaka chotsatira, chimodzimodzi. Chaka chachitatu mphunzitsi wamkulu, a Danieli Mkanda, anaitana bambo ake n'kuwauza kuti mwanayu mutu ali nawo, koma dzina lake latopa, osankha akangoliona amalidumpha. Anamubwerekera dzina la mng'ono wake Alexio, yemwe nthawiyo anali Sitandade 7, n'kumuduliranso zaka zitatu. Alexio watsopanoyo anasankhidwa ulendo umodzi.

Ndiye kuti m'manambala awo omwe aja a Dokotala anali momwemo kawiri: koyamba ngati Vinsenti wotha benchi, kachiwiri ngati Alexio wanzeru wokhoza kamodzi. Kodi ankadziwa? Ha, nanga munthu n'kuiwala dzina lake? Kungoti ku Mangalande anadziuza kuti munthu mmodzi sangapendeketse manambala a dziko lonse, ndipo atadziuza kokwanira anayamba kukhulupirira.

Anayamba ndi sukulu za ku Mvera, anakwera ku Ntchisi, anatsikira ku Bowe ndi ku Chisepo. Kulikonse ankapeza anyamata a mawu a besi, kaundula akuti zaka khumi ndi zitatu, akulumbira kuti Sitandade 8 aiona koyamba. Iwo ankagwedeza mutu n'kulemba ziro, kutanthauza kuti mwanayo sanabwerezepo, poti anyani sasekana zikundu. Ogwidwa anali okhawo osachenjera, amene makolo awo anasunga dzina lomwelo chifukwa cha chilungamo kapena umbuli. Pofika sabata yachitatu anali ndi mayina makumi asanu ndi limodzi kudza limodzi m'chikwama, ndipo chakudya sichinkawakomera. Sukulu ya Chimbalu anaisiya kumapeto dala.

A Mkanda anali adakali pampando, imvi mbuu, jekete lomwe lija. Anawalandira ndi manja awiri, n'kunena mokweza kuti takulandirani a Vinse, pepani, a Dokotala Alexio, ukalambawu lilime limaterereka. A Dokotala anaseka nawo koma m'khwapa munanyowa.

Makolo anali ataitanidwa kale, atakhala pansi pa mitengo ya bulugama kuseri kwa ofesi. A Dokotala anaimirira kuti afotokoze, ndipo apa m'pamene anazindikira kuti mawu aakulu a m'buku lawo, omwe azungu amatchulira ana obwereza ndi osiya sukulu, alibe Chichewa chake. Anayesa kuti zotayika, anthu anayang'anana poti palibe anataya mwana. Anayesa kuti zoonongeka, mayi wina anakokera mwana wake pafupi. Anathawira m'Chingerezi, ndipo a Mkanda anadzuka mokoma mtima kuti awathandize.

“A Dokotala akuti pokonola chimanga pamatuluka mphale ndi madeya. Akuti ana obwerezawa ndiwo madeya.”

Kenako mayi wina wachikulire anafunsa modzichepetsa ngati a Dokotala anaiwala kuti chaka cha njala madeya omwewo ndiwo amasunga mudzi. Anthu anaseka chamumtima, chifukwa masiku amenewo munthu wobwera pa galimoto ya boma sunkamuseka poyera. A Dokotala anayankha kuti funso ndi labwino kwambiri, lifunika kafukufuku wina, n'kukhala pansi msangamsanga.

Masana anatsetserekera kumudzi kukaona mng'ono wawo. Mwini dzina uja anamupeza m'chigafa akusoka fodya, manja ali bii ndi utomoni. Pamudzipo anthu ankawasiyanitsa ponena kuti Alexio wa kumunda ndi Alexio wa mapepala. Awiriwa sankaitanana mayina, ankangoti achimwene, achimwene, ndipo zinkawayendera choncho zaka zonsezi.

Analonjerana, anafunsana za ana, za mvula, za mitengo ya fodya. Mng'onoyo ananena moseka kuti wamva zoti dzina lake lakwera ndege, laona chipale, lalembedwa pachikuto cha buku, pamene iye mwini wake ku Lilongwe wapitako kawiri, kawiri konseko atakwera pamwamba pa mabelo a fodya. A Dokotala anaseka kwambiri kuposa mmene nthabwalayo inkafunira. Pofuna kusintha nkhani anafunsa za Faines, mwana woyamba wa mng'ono wawoyo, mtsikana amene ali wamng'ono ankawalanda nyuzipepala n'kumawawerengera mokweza.

Anamva kuti Faines walemba kawiri, wakhoza kawiri konse, sanasankhidwe. Chaka chino akulemba kachitatu, ndipo kakakhala komaliza, chifukwa akapanda kulemba akuchikazi anena kale kuti pali mnyamata wa ngolo amene wafunsira mbeta. Mawa m'mawa adzakhala m'kalasi momwemo, a Dokotala akamadzaitana mayina.

Poti a Dokotala anazolowera kuyankhula pamaso pa ophunzira, pakamwa panayamba pokha. Anafotokoza kuti lamulo silisankha m'bale, kuti akapeza dzina la Faines m'kaundula wa chaka chino ndi wa chaka chatha sangachitire mwina, kuti dziko losauka liyenera kuthira mbewu pamene imere. Mng'onoyo anangopitiriza kusoka fodya mpaka iwo atatha mawu.

“Achimwene, mukudziwa kuti inenso ndinalembapo mayeso amenewa?”

A Dokotala anati anamvapo, koma nthawiyo anali kutali, ku sukulu.

“Nditafika Sitandade 8, a Mkanda anati Alexio Chimphepo anapita kale ku sekondale, sangalembenso. Dzina lomwe linatsala pakhomo pano linali lanu. Ndinalemba ngati Vinsenti, wolemba kachitatu. Ndinakhoza. Pepala langa sindikhulupirira kuti analiyang'ana n'komwe.” Anamanga mfundo pachingwe n'kuonjeza kuti, “Ndinalemba kamodzi kokha moyo wanga wonse, koma m'buku lanu ndine madeya a zaka zitatu.”

Ananena mosakwiya, ngati akunena za mbuzi yomwe inafa kalekale. A Dokotala akanakonda atawatukwana. Anachita manyazi oopsa, manyazi oyambira kumapazi. Anatola tsamba la fodya n'kumaliyang'anitsitsa ngati alipima. Potsiriza anangobwereza, mawu ali pansi, kuti dzina la Faines akalipeza adzavutika nalo. Mng'onoyo anati asadandaule, sakalipeza.

M'mawa mwake analowa m'kalasi ya Sitandade 8 atamanga tayi. Ana makumi asanu ndi awiri anaimirira, anapereka moni wa pamodzi, anakhala pansi. A Mkanda anawapatsa kaundula n'kukaima pawindo, n'kumayang'ana phiri ngati aliona koyamba. Ntchito inali yosavuta: kuitana dzina, mwana aimirire, kumufunsa kuti wabwereza kangati, kuyang'ana m'makaundula akale, kulemba nambala.

Anadutsa a Banda angapo, anadutsa Chikuse, anadutsa Chimombo. Chala chawo chinatsikira mzere wotsatira n'kuima. Panalembedwa kuti Margareta Chimphepo, zaka khumi ndi zitatu.

Margareta Chimphepo anali mwana wawo wa iwo eni, wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene nthawi imeneyo anali ku Zomba akuphunzira kulemba dzina lake lomwelo ndi pensulo. Analitchula dzinalo. Kumbuyo kwa kalasi kunaimirira mtsikana wamtali, yunifolomu itamuthina m'mapewa, mphumi ngati ya agogo ake. Anali Faines.

Sanawerame mutu monga achitira ana ena. Anawayang'ana abambo ake aakuluwo m'maso, mwaulemu koma osaphethira, manja atagwira m'mphepete mwa desiki.

“Wabwereza kangati?”

“Ndi koyamba, a Dokotala.”

Ndi yankho lomwelo lomwe iwo anapereka m'chipinda chomwechi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, ataliyeseza sabata yathunthu ndi a Mkanda. Anatsegula makaundula akale n'kuyendetsa chala pang'onopang'ono, kufunafuna Margareta yemwe ankadziwa kuti mulibe. Faines anamupeza kawiri, n'kumudumpha kawiri. Anakumbukira mayina aja m'chikwama, ana omwe anawachotsa chifukwa choti analibe m'bale wowabwereka dzina. Anakumbukiranso mpando wa pamwamba uja. Kenako katswiri wa chuma cha maphunziro anagwira cholembera n'kulemba ziro wozungulira bwino.

Mtsikanayo anapinda maondo pang'ono n'kukhala pansi. A Mkanda anatsokomola pawindo paja, n'kunena kuti chaka chino mvula ikuoneka kuti ibwera msanga.

Musaganize kuti a Dokotala anasanduka mngelo tsiku limenelo. Mayina makumi asanu ndi limodzi kudza limodzi aja anakawapereka kulikulu onse, ndi lipoti lotsimikiza kuti olemba koyamba ndiwo amakhoza. Ankadziwa kuti Faines akadzasankhidwa adzalowa m'manambala ngati umboni winanso woti mfundo yawo ndi yoona, ndipo anthu adzawaombera m'manja. Zimenezi anaziona zonse asanatuluke n'komwe m'kalasimo, ndipo zinawawawa.

Pobwerera anaimitsa galimoto pamudzi kuti atsanzike. Mng'ono wawo anatuluka m'chigafa atasenza kathumba, n'kukaika kumbuyo kwa galimoto. Anati wamva kuti ku Zomba amaweta nkhuku, ndiye awatengereko madeya. Sanafunse za kusukulu, poti nkhope ya a Dokotala inali itanena kale zonse.

A Dokotala anayesa kuuma mtima pang'ono, kuti asachoke ngati mwana womenyedwa. Ananena kuti zatheka, koma bwenzi atawapempha kaye dzinalo, chifukwa Margareta naye akukula, tsiku lina adzalifuna.

“Ine simunandipemphe, a Vinsenti.”

Dzinalo anali asanalimve kwa m'bale wawo chichokere pamudzi, koma anapezeka atayankha kuti ee, ngati mwana woitanidwa m'kalasi. Mng'onoyo anapukuta manja pa buluku, anawatsekera chitseko cha galimoto bwinobwino, n'kuweramira pawindo.

“Margareta akadzafika Sitandade 8 musadzavutike. La Faines lilipo, langolemba kawiri basi.”

A Dokotala anatsegula pakamwa kuti aseke, koma ataona nkhope ya mng'ono wawo anatsekanso.